Nkhope Yosuluka Pakhoma

Mayi aja anafika pa situdiyo yanga, kuseri kwa msika wa Zomba, m'mawa wina wa mwezi wa Novembala m'chaka cha 2021, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Atakhala pabenchi anamasula mpango umene anakulungamo kanthu, n'kundipatsira ndi manja awiri. Chinali chithunzi cha amuna awo. Ndinachizindikira msanga poti kuseri kwake kunali chidindo changa komanso tsiku limene ndinachijambula, m'chaka cha 2014.

"Bambo," anatero mayiwo motsitsa mawu, "anzanu aja tinaika chaka chatha. Ndiye taonani, akuchokanso pakhoma."

Ndinasowa choyankha. Nkhope ya malemuyo inali itafiira ngati dothi lakatondo, jekete silinkadziwikanso mtundu wake, ndipo maso okha ndi amene anatsalako pang'ono. Ndinawauza kuti ndiwasindikizira china, koma usiku umenewo ndinafufuza m'makatoni onse osapeza kanthu. Kompyuta imene ndinasungamo zithunzi za chaka chimenecho inafa kalekale. Chithunzi chosulukacho ndiye chinali chokhacho padziko lonse.

Wolakwa ndinali ine. Ntchito yojambula ndinayamba mu 1996, ndikuzungulira m'midzi panjinga, kamera ili pakhosi. Masiku amenewo filimu ikadzaza ndinkaitumiza ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo zithunzi za nthawi imeneyo ndimazipezabe m'ma alubamu a anthu zili bwinobwino. Makamera a dijito atabwera ndinagula kapulinta kakang'ono, ndipo inki yake yeniyeni itatha ndinayamba kuthiramo ya m'mabotolo, yosadziwika kwawo, chifukwa inali yotchipa. Chithunzi chinkatuluka chowala, kasitomala n'kusekerera, ine n'kuponya ndalama m'thumba. Sindinadzifunsepo kuti chidzaoneka motani chikakhala zaka zisanu ndi ziwiri pakhoma la nyumba ya malata, popanda galasi, dzuwa likulowa pazenera, utsi wa mbaula ukuchipeza madzulo alionse.

Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiyambitsa kuwerenga za makina osindikizira zithunzi amene ojambula otchuka amagwiritsa ntchito, aja okwana patebulo koma mtengo wake wogulira njinga yamoto. Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira, chimene ndinayenera kuchidziwa zaka khumi m'mbuyomo, n'chakuti inki ilipo ya mitundu iwiri. Ina amaitcha dye, ndipo utoto wake umasungunukiratu m'madzi monga amachitira shuga mu tiyi. Imalowerera m'pepala, imawala mokopa maso, koma dzuwa ndi mpweya zimaigonjetsa msanga. Inayo ndi pigment, imene ndi timibulu ting'onoting'ono ta utoto toyandama m'madzi, ngati fumbi la makala, ndipo madzi akauma timibuluto timatsala pamwamba pa pepala. Ku America kuli bungwe la Wilhelm Imaging Research limene ntchito yake ndi kuwalitsa zithunzi ndi nyale zamphamvu pofuna kuona kuti zingakhale zaka zingati, ndipo kawirikawiri pigment ndi imene imapambana kutali.

Nayonso pigment sinabadwe ili yangwiro. Kampani ya Epson itatulutsa Stylus Photo 2000P m'chaka cha 2000, ojambula ankadandaula kuti zithunzi zopanda mtundu, zija za black and white, zinkaoneka zobiriwirako ukatuluka nazo panja. Zinthu zinasintha kwenikweni mu 2005 ndi R2400, imene inali ndi inki yakuda, yotuwa ndi yotuwirako, kotero kuti sinkafunikanso kusakaniza mitundu yambiri popanga mthunzi. HP inatulutsa Photosmart Pro B9180 mu 2006, Canon nayo inabwera ndi PIXMA Pro9500 mu 2007. Pambuyo pake HP inasiya kupanga makina apatebulo a mtundu umenewu, choncho pamene ine ndinkalowa m'bwalo, olimbana anali awiri basi, Canon ndi Epson.

Ndinasunga ndalama miyezi isanu ndi umodzi, ndinagulitsanso njinga yanga yamoto. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo zimene ndinasunga zinafupika usiku umodzi. Akunyumba anandifunsa ngati makinawo azidzaphikanso nsima. Komabe mu Julayi ndinakwera basi ya ku Johannesburg, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, m'thumba muli kafulashi ka zithunzi zitatu. Choyamba chinali cha mkwati wakuda bii, atavala diresi loyera mbee, dzuwa lili paliwombo. Amene anajambulapo ukwati kwathu kuno akudziwa kuti apa ndi pamene makina amaululika: ukasamala diresi nkhope imamira, ukasamala nkhope diresi limasanduka pepala loyera. Chachiwiri chinali cha maluwa a jakaranda. Chachitatu chinali cha malemu aja. Ndinali nditachijambulanso ndi kamera, n'kuchikonza pakompyuta usiku wambiri, ndipo poona kuti mitundu yake sindingaibwezeretse popanda kunama, ndinachisandutsa cha black and white.

Pasitolo imene ndinapita ndinapezapo mnyamata wa ku Zimbabwe amene anandilola kuyesa makinawo bola ndilipire mapepala. Tinayamba ndi Canon PIXMA PRO-200, ya inki zisanu ndi zitatu za dye, yotsika mtengo pa onsewo. Ndisaname, papepala lonyezimira mkwati uja anatuluka wokongola kuposa pena paliponse. Khungu linkaoneka lamoyo, ngati ungaligwire. Mnyamatayo anandikumbutsa kuti dye wa masiku ano, pa pepala lake loyenera, ali kutali ndi zam'mabotolo zimene ndinkathira ine, ndipo ndikukhulupirira ankanena zoona. Wojambula amene zithunzi zake zimakakhala mu alubamu yotseka akhoza kugula makina amenewa mtima uli m'malo. Koma zanga zimakakhala pakhoma, ndipo wolumidwa ndi njoka amathawa ndi chingwe chomwe. Ndinachiyang'ana kachiwiri n'kuchiika pambali.

Mpikisano weniweni unali pakati pa Canon imagePROGRAF PRO-300 ndi Epson SureColor P700. Onse anatuluka mu 2020, onse amalandira pepala la mainchesi 13 m'lifupi, lija la A3+, ndipo onse ali ndi makatiriji khumi. Kusiyana kwake kuli pa zimene anaikamo. Canon anaikamo inki yofiira, yotuwa imodzi, ndi ina yopanda mtundu yotchedwa Chroma Optimizer, imene imapakidwa pamwamba kuti chithunzi chinyezimire mofanana paliponse. Epson anaikamo zotuwa ziwiri ndi ina ya violet. Makina akale a Epson, monga R2400 ija, ankafuna kuti uchotse katiriji yakuda imodzi n'kuikamo ina ukamasintha kuchoka papepala lonyezimira kupita pa losanyezimira, ndipo inki inkatayika pakusinthapo. Pa P700 vuto limeneli analithetsa, yakuda iliyonse ili ndi njira yakeyake.

Ndinatuluka ndi mapepala asanu ndi limodzi kukaima pakhomo la sitolo, powala. Ndikapendeketsa chithunzi cha mkwati, cha Canon chinkanyezimira mosalala kuyambira pa diresi mpaka kutsitsi. Pa jakaranda ndinaona ngati Epson yafika pafupi ndi mtundu umene ndimauona m'misewu ya kwathu mu Okutobala. Pa tsaya la malemu aja, pamene kuwala kumatsikira mumthunzi wa kolala, ndinaona ngati zotuwa ziwiri zija zikutsetsereka bwino. Ndikuti "ngati" chifukwa ndinali nditawerenga kale zimenezi, ndipo diso limakonda kuona zimene mutu wauzidwa. Tsono ndinapempha mnyamata uja kuti asakanize mapepalawo ine nditatembenuka. Atandipatsanso, ndinalephera kawiri konse kutchula makina amene anasindikiza chithunzi cha malemuyo. Tinaseka tonse awiri. Zaka zoposa makumi awiri ndili pantchito, koma pamtunda wa mkono umodzi zithunzizo zinali mapasa.

Apa ndi pamene ndinasiya kuyang'ana zithunzi n'kuyamba kuganizira za ku Zomba. Katiriji ya PRO-300 imalowa mamililita 14.4, ya P700 imalowa 25. Kwa munthu wa ku Johannesburg kapena London, inki ikatha m'mawa, madzulo ina yafika. Kwa ine, katiriji imodzi yokha ikatha makina onse aima, ndipo ndidikire wina wobwera pabasi, ndalama zakunja nazonso zitapezeka. Pamenepa Epson inali patsogolo. Koma pali nkhani ya mutu wa makina, pamene pali timabowo totulukira inki. Wa Canon umagwira ntchito potenthetsa inki, ndipo ukatha umagula wina n'kuikamo wekha. Wa Epson umakankha inki ndi kunjenjemera kwa timbali tina ta mkati, umapangidwa kuti ukhale moyo wonse wa makinawo, koma ukavuta pamafunika mmisiri, ndipo mmisiri woteroyo sali kuseri kwa msika wa Zomba. Usiku umenewo kunyumba ya alendo sindinagone, ndikuyeza mantha awiriwa: kusowa inki mwezi ndi mwezi, kapena kufa kwa mutu tsiku lina losadziwika.

M'mawa mwake ndinafunsa za akuluakulu awo, a mainchesi 17, amene amasindikiza mpaka A2. Canon PRO-1000, imene mu 2024 inalowedwa m'malo ndi PRO-1100, inali ndi makatiriji 12 a mamililita 80 iliyonse. Ndinaisirira, koma inkalemera makilogalamu oposa 30, ndipo nditaganiza zoikweza ndi kuitsitsa pazipata zitatu za malire, msana unayamba kuwawa ndisananyamule. Epson P900 ndi P700 yomweyo koma yotambalala, makatiriji ake ndi a mamililita 50, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi theka la inzakeyo. Ndinagula imeneyo. Sindinganene kuti imaposa Canon. Ndikanakhala kuti ndimakhala pafupi ndi sitolo ya inki, mwina PRO-300 ndi imene ikanakwera nane basi. Mnyamata uja anandichenjeza kuti makina atsopano aliwonse amamwa inki yambiri tsiku loyamba podzaza mapaipi ake, choncho ndalama yotsala, imene ndinati ndigulire ana nsapato, inathera pa makatiriji ena.

Makina otere ali ngati ng'ombe ya mkaka, safuna kuiwalidwa. Pigment ikakhalitsa osayenda imauma m'timabowo, ndipo potsuka mutu makina amagwiritsa ntchito inki yomweyo yodulayo. Ndiye Loweruka lililonse, kaya pali kasitomala kaya palibe, ndimasindikiza kanthu. Ndimawafunditsa chitenje chifukwa cha fumbi la mwezi wa Okutobala, ndipo ndinawagulira batire yawoyawo, poti magetsi akathima chithunzi chili pakati, pepala ndi inki zapita. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinakhala pansi ndi cholembera kuwerengetsa ngati sindinachite misala. Kapulinta kakang'ono ndikali nako, ka zithunzi za ziphaso ndi za ana asukulu, koma tsopano ndimathiramo inki yake yeniyeni. Kasitomala aliyense ndimamuuza mitengo iwiri ndi chifukwa chake. Ambiri amasankha wotsika, ndipo sindiwada, thumba ndi lawo. Amene amasankha wokwera kawirikawiri ndi amene anaikapo kale munthu m'manda.

Chithunzi choyamba kutuluka m'makinawo chinali cha malemu aja, papepala lokhuthala losanyezimira. Ndinachiika mu felemu ya galasi, kuseri ndinalemba tsiku ndi mtundu wa inki ndi pensulo, ndipo ndinakwera minibasi kupita nacho ku Chinamwali. Mayi aja ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anapukuta manja pachitenje, nachilandira, n'kukhala nacho chete nthawi yaitali. Anayendetsa chala pagalasi, kutsata kachipsera ka pamwamba pa nsidze kamene ine ndinkayesa ndi banga la pepala, ndipo ndinatsala pang'ono kukafufuta.

"Ndi iwowa," anatero. "Apa anagwa panjinga tisanakwatirane."

Ndinawapempha kuti asachipachikenso moyang'anizana ndi zenera. Anavomera, naitana mdzukulu wawo kuti abweretse msomali ndi mwala. Ndalama ndinakana, koma nkhuku sindinathe kuikana. Ndikutsanzika, iwo anayang'ananso chithunzicho n'kumwetulira pang'ono.

"Koma bambo, jeketeli linali la buluu. Anabwereka kwa achimwene awo tsiku limenelo."