Timasokosi ta mdzukulu wanga: ngowe yanga ndi masipoko a asewere

Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuluka ndi crochet, kasingano kamodzi kokhala ndi ngowe kunsonga. Madoyilo onse a pamipando m'nyumba mwanga ndi a manja anga, ndipo mayi akachira ku Mvano kwathu, anzanga amayang'ana ine kuti ndilukire mwanayo timasokosi. Asewere anga, amayi ake a mkamwini wanga, iwo amaluka ndi singano ziwiri. Singanozo si zogula ayi. Ndi masipoko a njinga amene malemu amuna awo anawanolera pamwala kalekale.

Mwana wanga wamkazi atakhala ndi pakati, tonse awiri tinayamba kuluka, aliyense kwake, mwakachetechete poti za mwana wosabadwa sitilengeza. Pomatha mwezi, ine ndinali ndi mapeyala 6. Asewere anali ndi awiri okha. Pakamwa sindinanene kanthu, koma mumtima ndinkati masipoko ndi a anthu opanda changu.

Mdzukulu wathu anabadwa mu June, kutatsala masabata 7 kuti tsiku lake likwane, akulemera makilogalamu 1.7. Amene mukudziwa chiperoni cha kwathu ku Thyolo mukumvetsa mantha athu. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala ndi mafuta ochepa m'thupi, choncho amazizidwa msanga. Patapita masiku angapo anamwino anawasamutsira ku wodi ya kangaroo. Kumeneko mwana amavala thewera, kachipewa ndi timasokosi basi, n'kumangidwa ndi chitenje pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Njira imeneyi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayamba ku Zomba mu 1999. Thupi la mayi ndiye bulangete, koma mutu ndi mapazi zimafunabe chofunda chake.

Apa m'pamene mapeyala anga 6 anandichititsa manyazi. Phazi la mwanayo linali lalitali ngati chala changa chachikulu, moti timasokosi tonse tinali ngati matumba. A asewere nawonso anakula. Usiku womwewo, kumalo ogona ife odikirira odwala, ndinayatsa tochi ya foni n'kuluka peyala yaing'ono. Maola awiri asanathe ndinali nditamaliza, ndipo m'mawa ndinalowa nayo mu wodi monyadira.

Pofika masana, kasokosi kamodzi kanali katavuka katatu. Choluka cha crochet chimakhala cholimba, sichitanuka kwenikweni. Ukachepetsa, sichidutsa pachidendene. Ukakulitsa pang'ono, chimapulumuka mwana akangopalasa mwendo. Ndinaganiza zolowetsamo kachingwe komangira pakakolo. Namwino atabwera kudzayeza mwana anandiitanira pambali.

“Agogo, kachingweka kachotseni, kangathine mwendo inu osadziwa. Komanso taonani apa, kachala katulukira pabowo.”

Zinalidi choncho. Kachala kakang'ono kanali katasuzumira pakati pa masitichi anga. Ndinavula timasokosito n'kutibisa m'chikwama.

Nthawi yonseyi asewere anali pabenchi panja, masipoko ali keche keche, osanena kanthu. Zinawatengera masiku awiri. Analuka kalukidwe kamene timakaona m'khosi ndi m'mikono mwa juzi, masitichi awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Kasokosi kawo kankaoneka kopyapyala ngati sikangalowe, koma kanatanuka podutsa pachidendene, kenako n'kubwerera kugwira mwendo popanda chingwe. Kanalibe bowo ngakhale limodzi. Kanagona pamwendo usiku wonse.

“Asewere, mwapambana,” ndinatero.

“Sitikupikisana apa, asewere. Nanga peyala imodziyi ikada, avala chiyani?”

Funso lawo linali loona. Mu June chochapa sichiuma msanga, ndiye pankafunika mapeyala atatu kapena anayi. Mu wodimo munalinso amayi ena amene anachira mwadzidzidzi, opanda kasokosi kapena kachipewa. Pa liwiro la masipoko sitikanakwanitsa.

Tsiku lachitatu asewere anaodzera akuluka, ndipo masitichi atatu anapulumuka pa sipoko n'kumasuka mizere ingapo kutsika m'munsi. Limeneli ndiye vuto la singano ziwiri: masitichi onse amakhala pasingano nthawi imodzi, ndiye imodzi ikagwa imamasula zinzake za pansi pake. Pa crochet pamakhala sitichi imodzi yokha pangowe, ukalakwitsa umangokoka ulusi n'kubwereza. Anayesa kutola ndi nsonga ya sipoko, maso awo osaona bwino, mpaka anausa moyo.

“Asewere, tandibwerekani kangowe kanuko.”

Sindinawabwereke. Ndinakhala pambali pawo n'kutola masitichi aja ndekha, imodzi imodzi, mpaka onse anabwerera pa sipoko. Kuyambira pamenepo tinagawana ntchito. Iwo ankaluka mbali ya mwendo, yofunika kutanuka. Ine ndinkalumikiza m'mbali ndi kutseka kuzala ndi masitichi aafupi othithikana, osasiya mpata. Tizipewa ndinkaluka ndekha, poti pamenepo crochet imathamanga. Pomwe tinkatuluka m'chipatala patatha masabata atatu, mdzukulu wathu anali ndi mapeyala anayi, ndipo ana ena asanu anali ndi tizipewa.

Masiku ano anzanga akandifunsa kuti chabwino n'chiti, ndimayamba ndafunsa msinkhu wa mwanayo. Wakhanda, makamaka wobadwa masiku asanakwane, mulukireni ndi singano ziwiri, kalukidwe kotanuka kaja, popanda chingwe, mikanda kapena mabatani. Wa miyezi ingapo, amene mukufuna aoneke bwino ku sikelo kapena pa ubatizo, crochet imapanga tinsapato toima bwino, ta pansi pake pooneka ngati nsapato yeniyeni, ndipo mumamaliza tsiku lomwelo. Dziwani chabe kuti imadya ulusi wochulukirapo. Ulusiwo sankhani wofewa, wosayabwa mukaukhudzitsa patsaya, komanso wochapika. Mukamaliza, tembenuzani kasokosiko n'kubisa kapena kudula ulusi uliwonse wolendewera m'kati, chifukwa ukhoza kukulunga kachala mpaka magazi osayenda. Pomusambitsa mwana, muziyang'ana zala zake chimodzi chimodzi.

Mdzukulu wathu tsopano ali ndi miyezi 8, ndipo mapeyala anga 6 aja ayamba kumukwana, ngakhale amawavula yekha n'kuwaika m'kamwa. Mwezi wathawu asewere ananditumizira masipoko awiri onoledwa kale, atakulungidwa m'pepala. Ndayamba kuphunzira. Mzere wanga woyamba unathina moti sipoko inkakana kulowa, ndipo nditawaimbira foni anaseka mpaka kutsokomola.

“Manja anuwo akuthamangabe, asewere. Masulani, muyambirenso.”

Ndinamasula. Pano ndili pa mzere wa 14.