Kaundula wa m'kompyuta ndi mawu a ku Mbamba Bay

Mapulogalamu ambiri akamalowa m'kompyuta amasiya kalata yofotokoza zimene achita: tsiku ndi ola limene alowa, mafayilo amene abweretsa ndi pamene awaika. Akatswiri amati log, koma ine ndimangoti kaundula, popeza ntchito yake siisiyana ndi ya buku limene kalaliki wa mfumu amalembamo obadwa ndi obwera m'mudzi. Palibe amene amawerenga kaundulayu zinthu zikamayenda bwino. N'chifukwa chake kompyuta ikadandaula kuti malo atha, dzanja limathamangira komweko.

Funso lakuti ndifufute kapena ayi linandipeza ndili ku Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, boma limene linapatulidwa ku Mbinga mu 2012. Ndinali kujambula mawu a anthu achikulire a m'mphepete mwa nyanja, kumene Chinyasa, mbale wa Chichewa chathu, chimakhala moyandikana ndi Chimpoto ndi Chimanda, pamene Chimatengo chili kumapiri. Ana ambiri kumeneko amayankha agogo awo m'Chiswahili, chiyankhulo cha kusukulu ndi kumsika. Choncho mayi wokalamba akavomera kukhala nanu maola awiri kufotokoza mayina a mphepo ndi a nsomba, simunganene kuti abwere mawa chifukwa makina adzaza.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo amachititsa manyazi maganizo ofufuta. Ola limodzi la mawu ojambulidwa bwino, osapanikizidwa, limadya mamegabaiti oposa 300. Kaundula mmodzi wa pulogalamu nthawi zambiri safika ngakhale megabaiti imodzi. Mutasesa akaundula zana limodzi mwina mungapeze malo a mphindi zochepa chabe, zosakwanira ngakhale malonje, amene kunyanja kuno satha msanga. Malo enieni amadyedwa ndi zina: makanema, mafayilo otsitsidwa pa intaneti n'kuiwalika, zinyalala zimene zili m'bini koma sizinatayidwe, ndi chikwatu cha Windows.old chimene chimatsala makina akasinthidwa. Zimenezo ndinachotsa mosadandaula, ndipo malo anapezeka.

Palinso kusiyana kumene ophunzira anga sakuona msanga. Akaundula ena ndi mbiri chabe, ndipo kuwafufuta sikuononga kanthu. Koma ena ndi amene pulogalamu imawerenga tsiku limene mufuna kuichotsa, kuti idziwe zimene inabweretsa. Mafayilo monga INSTALL.LOG a mapulogalamu akale ndi unins000.dat ali m'gulu limeneli, ndipo chikwatu cha Installer m'kati mwa Windows sichiyenera kukhudzidwa n'komwe. Mukazifufuta, pulogalamu imakhala ngati mlendo amene waiwala kumene anaika katundu wake: sangathe kutsazika.

Komabe chimene chimandiletsa ine kwenikweni si mantha akuti makina aonongeka. Ndi nkhani ya umboni. Ife ofufuza ziyankhulo za Chibantu timayeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Timayeza ndi Praat, pulogalamu imene analemba Paul Boersma ndi David Weenink ku Amsterdam, ndipo mu 2023 iwo anaonjezamo njira zatsopano zoyezera liwu. Wina akadzafunsa, patapita zaka khumi, chifukwa chimene manambala anga akusiyanirana ndi ake pa mawu omwewo, ndidzafunika kudziwa kuti ndinali ndi Praat uti pa nthawiyo. Praat mwiniyo sasiya kaundula wotere, n'chifukwa chake ndimalemba ndekha m'kope. Koma ELAN ndi mapulogalamu ena amene amalowa mwa dongosolo amasiya mapazi, ndipo mapaziwo ndimawasunga.

Amene tinayamba ntchito Unicode isanafale tikudziwa kuwawa kwake. Tinkalemba zizindikiro za kamvekedwe ka mawu ndi zilembo zapadera za SIL, monga za IPA93, ndipo ŵ wathu aliyense ankamupeza m'njira yakeyake. Mafayilo a nthawi imeneyo mukawatsekula lero mumapeza timabokosi ndi zizindikiro zachilendo pamene panali mawu a munthu. Kuti muwabwezeretse muyenera kudziwa kaye zilembo zimene zinali m'makinamo, ndipo kawirikawiri chokuuzani chimakhala kafayilo kamene wina aliyense akanakayesa chinyalala.

Tsiku lina ndinapita ku Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay, kumene kuli manda a William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA, amene anamwalira mu 1928 atatha zaka zoposa makumi anayi m'mbali mwa nyanjayi. Iye ndi anzake anatisiyira Chinyanja cha ku Likoma ndi cha kugombe la kum'mawa m'mabuku, ndipo timathokoza. Koma ndikamawerenga mawu amene anasonkhanitsa ndimalakalaka chinthu chimene mabuku a nthawi imeneyo sankasamala kulemba: anamuuza mawu awa ndani, wa m'mudzi uti, wamwamuna kapena wamkazi, chaka chiti. Mawuwo alipo, koma njira imene anadzera yafufutika, ndipo nthawi zina sitingathe kunena ngati kusiyana kumene tikuona ndi kwa chiyankhulo kapena kwa khutu la mzungu amene ankalemba.

Ndinasonkhanitsa akaundula onse a m'makina anga, n'kuwapanikiza m'fayilo imodzi imene sinafike kukula kwa nyimbo ziwiri za pa foni, n'kuisunga pamodzi ndi mawu ojambulidwawo. M'mawa mwake ndinali ndi maola atatu ndi msodzi wina wopuma, amene anayamba ndi kunditsutsa pa katchulidwe kanga ka dzina la mphepo ya mwera.