Dzanja langa lamanja linabwerera

Dzanja lamanja ndilo limandidyetsa. Ndili ndi kashopu pa boma la Petauke, komwe ndimataipa makalata, kupirinta ndi kupanga fotokope. Ana anga atatu sukulu yawo imachokera pa tebulo la m'kashopu kameneko. Nditayamba kugwetsa zinthu m'chaka cha 2022, mantha amene anandigwira anali a mayi woona chakudya cha ana ake chikuchoka m'manja.

Chaka chimenecho ntchito inachuluka kuposa kale lonse. Boma linalengeza kuti lilemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi antchito azaumoyo oposa 11,000, ndipo achinyamata amene anakhala zaka ndi mapepala m'sutikesi anatulukira onse nthawi imodzi. Ndalama zachitukuko za CDF nazo zinali zitakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, motero makalabu a amayi ndi makoparetivu ochokera kwa Kalindawalo, kwa Mumbi ndi kwa Nyamphande ankabwera ndi malamulo awo olemba pamanja kuti ndiwataipire. Ndinkatsekula shopu kusanache, kutseka anthu atadya kale. Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha makasitomala, osadziwa kuti thupi likuwerenga ngongole yake.

Chinayamba ndi dzanzi. Chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zinkachita ngati mukuyenda nyerere, makamaka usiku. Ndinkadzuka cha m'ma 2 koloko n'kumakutumula dzanja m'mbali mwa bedi mpaka litsitsimuke. Kenako mphamvu inayamba kutha. M'mawa wina ndinalephera kumanga mabatani a yunifolomu ya mwana wanga wamng'ono. Ndinayesa katatu, batani likungoterereka, mwanayo akundiyang'ana. Anati, "Amama, lekani ndimange ndekha." Tsiku lomwelo madzulo mthiko unandipulumuka ndili pakati povundula nsima. Ndinakhala pansi kukhitchini n'kulira.

Anthu sanasowe zonena. Ena ankati ndi chiyambi cha sitiroko. Ena ankanong'ona kuti bizinesi ikayenda bwino pamakhala maso, ndipite akandione. Sindikuwanyoza, ankanena chifukwa chondikonda. Koma ndinataya miyezi ingapo ndikuthowa dzanja ndi madzi otentha ndi kugula mankhwala opaka, ntchito ndikuipitiriza momwemo.

Amayi a m'chigwirizano chathu kutchalitchi ndi amene anandikakamiza kupita kuchipatala. Adokotala anandiyeza BP ndi shuga, zonse zinali bwino. Ndiye anandiuza kuti ndigunditse kumbuyo kwa manja anga awiri, zala zitaloza pansi, kwa mphindi imodzi. Isanathe n'komwe, dzanzi lija linabwera. Anafunsa ngati kachala kakumapeto nakonso kamachita dzanzi. Ndinati ayi, ndipo anagwedeza mutu ngati amayembekezera yankho lomwelo. Anandifotokozera kuti pamene timavala wotchi pali kanjira kopapatiza, momwe mumadutsa mtsempha womvera zala pamodzi ndi mitsempha 9 yokoka zala. Malowo akatupa, mtsempha uja umapanikizika. Matendawa amawatcha carpal tunnel syndrome. Anandipatsa chomangira choti dzanja lizigona lowongoka usiku, anandilamula kupuma, ndipo anandichenjeza kuti mnofu wa m'tsinde mwa chala chachikulu ukayamba kuphwa, yotsala ndi opaleshoni.

Kupuma ndili ku Petauke sikukanatheka, makasitomala ankanditsata mpaka kunyumba. Ndinasiya shopu m'manja mwa mtsikana wondithandiza n'kukwera minibasi kupita ku Nyimba kwa achemwali anga, amene amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East. Kumeneko ndi kumene thandizo lachiwiri linandipeza, kudzera mwa munthu amene sindinkamuwerengera.

Mwana wa achemwali angawo ndi mnyamata amene tonse tinkamudzudzula chifukwa chokonda magemu a pa kompyuta. Tsiku lina anaona laputopu yanga ndi mausi yake pamphasa. Anaitola, naitembenuza, naidina kangapo pafupi ndi khutu lake.

"Amama aang'ono, iyi ndi imene mumagwira tsiku lonse?"

Ndinavomera. Kanali kamausi kakang'ono kophwatalala, kamene ndinkagula chifukwa chotchipa. Kakawonongeka ndinkangogula kena, chaka chimodzi mwina tinayi. Iye anandiuza kuti ndikagwire monga ndimachitira pa ntchito, ndipo anandionetsa zimene ndinali ndisanazionepo pa dzanja langa lomwe. Chikhatho chinalibe potsamira. Zala zinali zokhota ngati zikhadabo za nkhuku, ndikukatsina kamausiko m'mbali. Mfundo ya dzanja inali itadinikiza m'mphepete mwa tebulo. Batani linali lolimba, ndipo poti kamuvi ka pa sikirini kankadumphadumpha, ndinkakafinya kwambiri kuti kamvere. Tangoganizani, kuchita zimenezo kuyambira m'mawa mpaka usiku, sabata ndi sabata.

Anabweretsa yake, Logitech G102, ya waya. Ndinakana poyamba, ndinati ine si mwana woti ndizisewera ndi zinthu zoyaka magetsi amitundumitundu. Anazimitsa magetsiwo n'kunena kuti iwowo alibe ntchito. Chimene opanga mausi za magemu amasamala, iye anatero, n'chakuti wosewera amadina kambirimbiri kwa maola ambiri, ndiye batani liyenera kukhala lofewa komanso lokhalitsa, diso la pansi liyenera kuona bwino, ndipo cholemera chisatopetse mkono. Yakeyo imalemera magalamu 85. Anatenga rula ya kusukulu n'kuyeza dzanja langa kuchokera pamzere wa pamfundo mpaka kunsonga ya chala chapakati, nati mwayi wanga ndi woti dzanja langa ndi laling'ono. Kwa bambo wa chikhatho chachikulu, mausi yomweyi ingakhale yochepa ndipo ingamupweteke monga kanga kaja kanandipwetekera.

Anandiphunzitsanso za DPI, nambala yosonyeza kutalika kwa ulendo wa kamuvi dzanja likasuntha pang'ono. Yake imafika 8,000, koma anati pa ntchito yanga zimenezo n'zongowonjezera. Anaichuna pamene kamuvi kankayenda kuchoka mbali ina ya sikirini kufika ina popanda ine kunyamula dzanja. Mabatani awiri a m'mbali anawasandutsa okopera ndi omatira mawu, zinthu zimene ndimachita kosawerengeka pa tsiku. Anatchulanso mtundu wina woimirira, monga Logitech MX Vertical yopendekeka madigiri 57, imene munthu amaigwira ngati akupereka moni wa m'manja. Ena imawathandiza, koma mtengo wake unali kutali ndi thumba langa.

Kugula kunali ndi msampha wake. Zabodza zilipo zambiri, bokosi ndi chizindikiro zofanana ndi zenizeni. Mnyamatayo atapita ku Lusaka ndinamupatsira ndalama zimene zikanagula timausi tanga tija tingapo, ndipo mtima unandiwawa pozitulutsa. Iye anakana kulipira asanaone kuti nambala ya pabokosi ikufanana ndi ya pa mausi, komanso asanailumikize ku laputopu kuti pulogalamu ya kampaniyo iizindikire. Anasankha ya waya dala, kuti ndisamavutike ndi mabatire.

Ndinganame ndikanena kuti mausi yokha ndiyo inandichiritsa. Nditabwerera ku Petauke ndinaitana mmisiri kuti adule miyendo ya tebulo, popeza linali lalitali moti mapewa ankakhala okwera tsiku lonse. Tsopano chigongono chimakhala pambali pa thupi, mkono wagona bwino, dzanja lowongoka. Chomangira chija ndinagona nacho usiku uliwonse osaphonya. Ndikataipa kalata imodzi kapena ziwiri ndimaimirira, n'kutambasula zala, ngakhale pakhale mzere. Kasitomala akadandaula ndimamuuza zoona, ndipo ambiri amamvetsa. Ntchito yosikana ndi fotokope ndinaisiyira mtsikana uja.

Dzanzi la usiku ndilo linayamba kuchepa. Mphamvu inabwera mochedwa, moti nthawi zina ndinkakayika. Koma tsiku linafika pamene ndinavundula nsima ya banja lonse mpaka kuomola, mthiko uli nganganga m'manja. Nditabwerera kuchipatala adokotala anapapasa tsinde la chala chachikulu n'kunena kuti mnofu uli bwino, za opaleshoni tiziike pambali. Lamlungu lotsatira ndinaimirira kutchalitchi kuthokoza Mulungu, ndipo ndinatchula adokotala aja ndi mnyamata amene ndinkamunena kuti akutaya nthawi. Iyeyo ndinakamupepesa pamaso pa amayi ake.

Inu anzanga otaipa, makalaliki a m'masukulu ndi m'maofesi, ndi inu achinyamata a magemu: zala zikayamba kuchita dzanzi usiku musadikire kuti mugwetse kapu. Pitani kuchipatala akakuyezeni, chifukwa shuga ndi matenda ena amabweretsanso dzanzi lotere. Mukakagula mausi, igwireni kaye m'manja mwanu musanapereke ndalama. Yanga ija ikadali pa tebulo mpaka lero, ndipo mabatani a yunifolomu ndimamanga ndekha.