Nthenga Imene Idaimitsa Dziko la Canada

M'mwezi wa Juni, chaka cha 1990, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya chigawo cha Manitoba m'dziko la Canada adasonkhana mu mzinda wa Winnipeg ali ndi phuma la munthu amene dzuwa likumulowera ali pakati pa ulendo. Patsogolo pawo padali chikalata cha mgwirizano umene atsogoleri a dzikolo adaukonza pofuna kuthetsa mkangano wakalekale wa pakati pa anthu oyankhula Chingerezi ndi anzawo oyankhula Chifalansa. Masiku oti zigawo zonse zivomereze chikalatacho adali atatsala owerengeka, ndipo malamulo a Nyumbayo sankalola kudzera njira yachidule pokhapokha aphungu onse atagwirizana. Sipikala atafunsa ngati onse alola kuti nkhaniyo ilowe m'Nyumbamo mwachangu, kudamveka liwu limodzi lotsika ndi lofatsa lakuti, "Ayi."

Mwini liwulo adali bambo Elijah Harper, phungu wa dera la Rupertsland, munthu wa mtundu wa Oji-Cree, umodzi mwa mitundu imene azungu adaipeza m'dzikomo. Masiku otsatira funso lija lidabwerezedwa, koma yankho silidasinthe. Iwo sadakweze mawu kapena kumenya tebulo. Adangokhala phee pampando pawo, m'dzanja muli nthenga ya chiwombankhanga, imene kwa anthu a mtundu wawo ndi chinthu chopatulika. Pa 22 Juni Nyumbayo idabalalika isadavote, ndipo tsiku lomwelo chigawo cha Newfoundland nacho chidaleka kuvota. Mgwirizano wa Meech Lake udafera pomwepo. Nanga n'chiyani chidachititsa munthu wofatsa chotere kugwetsa nyumba imene akuluakulu adaivutikira kwa zaka zitatu? Yankho lake lili m'mbiri ya Canada, ndiponso m'funso lovuta lakuti kodi dzikolo ndi la yani.

Dzina lenilenilo lakuti Canada lidachokera kwa eni nthaka. M'chaka cha 1535, Mfalansa wina woyenda panyanja, Jacques Cartier, adamva anyamata awiri a m'mbali mwa mtsinje wa St Lawrence akutchula mawu akuti "kanata", amene m'chiyankhulo chawo ankatanthauza mudzi. Iye adatenga mawuwo n'kutchulira dera lonselo. M'chaka cha 1608, Mfalansa mnzake, Samuel de Champlain, adakhazikitsa mudzi wa Quebec. Eni nthaka ndiwo adaonetsa alendowa njira za m'mitsinje, kuwaphunzitsa kupirira chisanu choopsa cha kumeneko, ndi kuwagulitsa zikopa za nyama zimene zidalemeretsa amalonda a ku Ulaya. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo awa sadali mame ayi, adali mvula ya mvumbi.

Angerezi nawo ankalisirira dziko lomwelo. M'chaka cha 1759 magulu awiriwa adakumana pankhondo kunja kwa malinga a Quebec, ndipo akuluakulu a asilikali a mbali zonse ziwiri, James Wolfe ndi Montcalm, adafa ndi mabala a nkhondoyo. Angerezi adapambana, ndipo m'chaka cha 1763 France idapereka dzikolo m'manja mwa Britain. Komabe Afalansa amene adali atabadwira kumeneko sadasamuke. Poona kuti sangathe kuwameza, Angerezi adakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1774 lowalola kusunga chipembedzo chawo cha Chikatolika ndi malamulo awo oweruzira nkhani za chuma ndi malo. Kuyambira nthawi imeneyo mitundu iwiri yachizungu idakhala m'nyumba imodzi ngati akazi a pamitala, yodyera pamodzi koma yoyang'anana ndi diso la m'mbali.

Amalawi akafunsidwa tsiku limene dziko lawo lidalandira ufulu kuchokera kwa Angerezi, ngakhale mwana wa pulayimale amayankha mosajejema kuti ndi pa 6 Julaye, 1964. Munthu wa ku Canada akafunsidwa funso lomwelo amayamba wakanda m'mutu, pakuti ufulu wa kwawo udabwera pang'onopang'ono, ngati kukula kwa mwana. Pa 1 Julaye, 1867, zigawo zinayi za Ontario, Quebec, Nova Scotia ndi New Brunswick zidapanga chitaganya chimodzi, ndipo John A. Macdonald adakhala Nduna Yaikulu yoyamba. Limeneli ndilo tsiku limene dzikolo limakondwerera chaka ndi chaka. Koma kunena zoona, uku kudali ngati kumangira mnyamata gowelo pakhomo pa bambo wake: ankagona payekha, koma nkhani zazikulu zinkagamulidwa ku London. Britain italowa m'nkhondo m'chaka cha 1914, Canada idangopezeka ili m'nkhondomo popanda kufunsidwa, ndipo asilikali ake oposa 60,000 adatsala komweko.

Magazi amenewa ndiwo adapatsa Canada mphamvu yonena kuti yakula. M'chaka cha 1931, lamulo la Westminster lidavomereza kuti Nyumba ya Malamulo ya ku London sidzapangiranso Canada malamulo popanda Canada kupempha. Nkhondo yachiwiri itabuka m'chaka cha 1939, dzikolo lidadikira sabata yathunthu lisadalengeze palokha kuti nalo likulowa m'nkhondoyo. M'chaka cha 1947 anthu ake adayamba kutchedwa nzika za Canada mwalamulo, ndipo pa 15 Febuluwale, 1965, mbendera yatsopano yokhala ndi tsamba lofiira la mtengo wa maple idakwezedwa ku Ottawa. Chimene chidatsalira ku London chidali chimodzi: mphamvu yosintha malamulo aakulu oyendetsera dziko. Angerezi sadali kuikaniza mphamvuyi ayi. Eni ake a Canada ndiwo ankalephera kugwirizana za mmene adzaigwiritsire ntchito, motero adasiya kiyi wa nyumba yawo m'thumba la bambo kwa zaka zina 51.

Kiyiyo adabwera kwawo pa 17 Epulo, 1982, pamene Mfumukazi Elizabeth II idasaina chikalata ku Ottawa pamaso pa Nduna Yaikulu Pierre Trudeau. Koma chimwemwe cha tsikulo chidali ndi chilema. Zigawo zisanu ndi zinayi zidavomera, pamene boma la Quebec, motsogozedwa ndi René Lévesque, lidakana, ponena kuti anzake adapangana iye kulibe. Afalansa a ku Quebec adali ndi mantha omveka. Iwo ndi kachilumba kakang'ono pakati pa nyanja ya anthu oyankhula Chingerezi a ku Canada ndi ku United States, ndipo ankaopa kuti chiyankhulo chawo chidzamira. Pofuna kupoletsa chilondachi, Nduna Yaikulu Brian Mulroney adaitana atsogoleri a zigawo zonse khumi ku nyanja yaing'ono ya Meech m'mwezi wa Epulo, 1987. Amuna khumi ndi mmodzi adadzitsekera m'nyumba, ndipo adatuluka ndi pangano lovomereza kuti anthu a ku Quebec ndi gulu lapadera m'dziko la Canada.

Pa bwalo limenelo padalibe mwini nthaka ngakhale mmodzi. Apa ndi pamene padagona nkhani ya a Harper. Nthawi yonse imene Canada inkamasuka m'manja mwa Britain, iyo inkamanga eni nthaka ndi zingwe zolimba. Lamulo la chaka cha 1876 lidaika moyo wawo wonse m'manja mwa boma, ndipo ambiri adapanikizidwa m'timadera ting'onoting'ono towapatulira. Miyambo yawo ina idaletsedwa mpaka chaka cha 1951. Ufulu wovota pa zisankho za dziko lonse popanda kutaya umwini wa mtundu wawo adaulandira m'chaka cha 1960. Choopsa koposa zonse chidali sukulu zogonera komweko zimene boma linkalipira ndipo mipingo inkayendetsa. Ana pafupifupi 150,000 adachotsedwa m'manja mwa makolo awo, kumetedwa tsitsi, kupatsidwa mayina achilendo ndi kulangidwa akayankhula chiyankhulo cha amayi awo. Ana zikwizikwi adamwalirira kusukuluko, ndipo ambiri mwa amene adabwerera kwawo adali alendo pakati pa abale awo.

A Harper sadawerenge zimenezi m'buku. Adabadwa m'chaka cha 1949 ku Red Sucker Lake, kumpoto kwa Manitoba, ndipo ali mwana nawonso adatumizidwa ku sukulu zoterezi. Atakula adakhala mfumu ya anthu akwawo, kenaka m'chaka cha 1981 adasankhidwa kukhala phungu. Iwo ankadziwa kuti malamulo a 1982, m'ndime 35, adavomereza maufulu a eni nthaka koma osalongosola tanthauzo lake. Misonkhano inayi idachitika pakati pa 1983 ndi 1987 kuti ikambirane za maufuluwo, koma pa nkhani yakuti eni nthaka azidzilamulira okha atsogoleri adalephera kumvana. Msonkhano womaliza udatha m'mwezi wa Malichi, 1987. Patangopita mwezi umodzi, atsogoleri omwe aja adamvana za Quebec pa tsiku limodzi. Kwa eni nthaka uku kudali kuwauza poyera kuti pomanga Canada padali mitundu iwiri yokha, ndipo iwo amene adatchula dzikolo dzina adali oonerera chabe.

Munthu woganiza bwino sanganene kuti "Ayi" wa a Harper adalibe mtengo wake. Iwo sadali kudana ndi Quebec, koma anthu ambiri a ku Quebec adaona kufa kwa mgwirizanowo ngati kukanidwa kachiwiri. Mkwiyo udakula, ndipo amene ankafuna kuti chigawocho chidzipatule adapeza mphamvu zatsopano. Pa 30 Okutobala, 1995, Quebec idachita riferendamu yofunsa anthu ngati akufuna kudziimira paokha. Mwa mavoti oposa 4,600,000, okana kudzipatula adapambana ndi mavoti pafupifupi 54,000 okha. Dziko lachiwiri kukula pa dziko lonse lapansi lidatsala pang'onong'ono kung'ambika pakati. Akadapambana enawo, mwina dzina la a Harper likadatchulidwa pamodzi ndi anthu ophwasula mudzi. Choonadi chikanenedwa pa nthawi yovuta chimapweteka ngakhale amene sadalakwe. Koma nanga eni nthaka akadadikira nthawi yabwino, nthawiyo ikadafika liti? Adali atadikira kale zaka zoposa 120.

Zimene zidatsatira zidaonetsa kuti liwu lija lidamveka. Pokambirana mgwirizano wina wa Charlottetown m'chaka cha 1992, atsogoleri a eni nthaka adakhala nawo pabwalo, ngakhale kuti anthu adaukana mgwirizanowo pa riferendamu. Pa 1 Epulo, 1999, dera lalikulu la Nunavut lidakhazikitsidwa kumpoto, kumene anthu a mtundu wa Inuit ndiwo ochuluka. M'chaka cha 2008 Nduna Yaikulu Stephen Harper, amene sadali mbale wa a Elijah ngakhale mayina akufanana, adapepesa m'Nyumba ya Malamulo chifukwa cha sukulu zija. Bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu lidamva maumboni a anthu zikwizikwi, ndipo m'chaka cha 2015 lidapereka mfundo 94 zoti zichitidwe. M'chaka cha 2021 mayi Mary Simon a mtundu wa Inuit adakhala mwini nthaka woyamba kukhala Bwanamkubwa wa Canada. A Elijah Harper sadaone zomalizazi, pakuti adamwalira m'chaka cha 2013.

Ntchitoyi sidathe. Ziyankhulo zambiri za eni nthaka zatsala ndi okalamba owerengeka ozidziwa, milandu ya malo idakali m'makhoti, ndipo Quebec mpaka lero sidavomereze malamulo a 1982. Komabe dziko la Canada likadali chilili, ndipo chaka ndi chaka likulandira alendo ochokera ku mbali zonse za dziko lapansi. Chimene chimamanga anthu ake pamodzi si magazi amodzi, chiyankhulo chimodzi kapena chipembedzo chimodzi. Ndi chizolowezi chobwerera kubwalo ngakhale dzulo lake adasiyana atakwiya, n'kuyambanso kukambirana.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa kuti kuchotsa mbendera ya atsamunda ndi gawo lopepuka la ufulu. Gawo lolemera ndi lakuti amene alandira ufuluwo asasanduke atsamunda a anzawo a m'nyumba momwemo. Mudzi umene umagamula nkhani ena ali kuseri kwa mpanda umaoneka wabata, koma bata lotere ndi la phulusa lobisa moto, pakuti mlandu suola. Anyamata awiri aja adauza Cartier za mudzi, ndipo padatenga zaka 455 kuti munthu wina, atagwira nthenga m'dzanja, akumbutse akuluakulu a dzikolo kuti m'mudzi weniweni mfumu siweruza mlandu mwini wake asadayankhule.