WAYA WOFOOKA WA KU VUBWI

Ulendo wathu wa dzinja lino unatifikitsa ku Vubwi, dziko la Mfumu Pembamoyo, kumene Zambia acita malire ndi Malawi ndi Mozambique. Dera limeneli linali mbali ya Chadiza kufikira mu 2012 pamene linakhala boma palokha.

M'mamawa tinaima pa munda wina watsopano m'tsinde mwa phiri, pamene mkulu wina anali kulima ndi ng'ombe ziwiri. Mwadzidzidzi pulawo inakodwa pa citsa cobisika. Ng'ombe zinakoka, ndipo unyolo unalekana ndi pulawo. Ife tinayesa ngozi, koma mkuluyo anangoseka natola kawaya koduka. Iye anatifotokozera kuti amalumikiza unyolo ndi waya wofooka mwadala m'munda wa zitsa, kuti paduke pamenepo, pulawo ingapindike kapena goli lingapweteke makosi a ng'ombe.

Nzeru imeneyi ndiyo imasunganso miyoyo ya oyendetsa ndege zopanda injini ku maiko onga Germany ndi South Africa. Ndege zotere zimakwezedwa m'mwamba pokokedwa ndi cingwe, kaya ndi ndege inzake kaya ndi makina okulunga cingwe ali pansi. Pa cingweco amaikapo kacitsulo kopangidwa kuti kaduke mphamvu ikapitirira muyeso, mapiko asanathyoke. Kakaduka, woyendetsa amaweramitsa mphuno ya ndege natera.

Kampani ya Tost ya ku Germany imasiyanitsa tizitsulo timeneti ndi mitundu. Kakuda kamaduka pa mphamvu yolingana ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 1,000, kofiira 750, koyera 500. Ndege iliyonse ili ndi muyeso wake, ndipo kuikapo kolimba koposa muyesowo ndiko kuitana imfa.

Alimi amene amabwereka thirakitala adziwe kuti mapulawo ena a thirakitala alinso ndi bauti yotere. Ikaduka, musaikepo yolimba koposa poganiza kuti mwacenjera, pakuti tsiku lina cidzathyoka ndi citsulo ca ndalama zambiri, mvula ili kugwa, mbeu zili m'thumba.

Pamene tinali kutsazika, mkulu uja anali atamanga kale waya wina. Mnyamata anaitana ng'ombe maina ao, ndipo mzere unapitirira, kulambalala citsa cija.