Kamchenga kamodzi

Kamera imene ndinaononga ku Chembe sinali yanga. Ikanakhala yanga bwenzi nkhaniyi nditangoiseka pa gulu la WhatsApp n'kuiiwala.

Inali ya msuweni wanga, mwana wa amalume. Iye amakhala komweko ku Cape Maclear, ndipo ntchito yake ndi yoperekeza alendo pa boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, tinsomba tamaangamaanga tija timakhala m'miyala. Alendo akavala magalasi n'kulowa m'madzi, iye amawatsatira ndi kakamera kake n'kumawajambula pansi pa madzi pomwepo. Madzulo amawatumizira zithunzi pa foni, iwo n'kumupatsa kangachepe. Ndalama ya boti amagawana ndi mwini boti, ina imapita ku mafuta. Ya zithunzi ndiyo inali yakeyake, yogulira ufa ndi makope a ana.

Ndinapitako pa holide ya Tsiku la Anakubala, pa 15 October, nthawi imene anthu a m'tauni timakhamukira kunyanja ngati tathamangitsidwa. Msuweniyo amachokapo masiku awiri, kunagwa maliro kuchimuna kwa mlongo wake ku Mangochi. Ndinapezerapo mwayi wobwereka kamera. Sanakane. Anangoti, "Tengani asuweni, koma kachitseko ka batire musakatsegulire kugombe."

Ndinayankha kuti ndamva. Kunena zoona ndinangomva ndi khutu limodzi. Pamaso pa kamerayo panalembedwa mawu akuti waterproof, pambali pake 15m. Ndiye chinthu choti chimapirira mamita 15 pansi pa madzi chingaope chiyani kugombe?

M'mawa mwake tikudikira boti, ndinaona kuti memory card yadzaza ndi zithunzi za alendo. Kufufuta sindikanatha, zinali za eni. Ndinali ndi khadi yanga m'chikwama. Nditakhala pamchenga pomwepo, manja ndisanasambe n'komwe, ndinatsegula kachitseko kaja, kusintha khadi, kutseka. Kanalira kuti thethe. Mtima unakhala m'malo. M'boti kamerayo ndinaiika pathabwa, padzuwa la October lija, mpaka inatentha ngati mbaula. Titafika ku Thumbi anzanga ankatsika pang'onopang'ono, ine n'kudumpha kuti phava, kamera ili m'manja.

Zimene ndinaona pansipo sindingazinyoze. Ndakhala ndikudya nsomba za m'nyanjayi moyo wanga wonse, koma sindinadziwe kuti pansi pake pali mudzi wotere. Mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikubwera pafupi penipeni ndi nkhope ngati zikufuna kufunsa kuti ndadzatani. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Ndinajambula, kujambula, kujambulanso. Kenako pa sikirini panayamba kuchita mbuu ngati nkhungu ya ku Dedza. Panadutsa timizere, basi n'kuzima.

Chimene ndinachita nditakwera m'boti ndicho chimene aliyense amachita, ndipo n'cholakwika. Ndinadina batani loyatsira. Zii. Kudinanso. Inaphethira kamodzi n'kuzimanso. Ndinadina mwina kakhumi, uku ndikuipempha ngati munthu. Nditatsegula kachitseko ndinapeza timadontho pa batire. Tochepa zedi, tosadzaza n'kasupuni komwe. Madzulo ndinagula mpunga pa okala n'kuikwirira m'menemo, poti ndi zimene tonse tinamva.

Masiku awiri amenewo sindinagone bwino. Bodza linali litakonzeka kale m'mutu: inangozima yokha, mwina inali itatopa kale. Likanagwira ntchito, chifukwa kamerayo inali yakale ndithu, anamusiyira ndi mlendo wina zaka zapitazo. Ndinaliyeserera bodzalo kangapo ndikusamba. Koma atafika, atatopa ndi ulendo wa kumaliro, n'kundifunsa kuti, "Mbuna munazipeza?", mawu anasokonekera. Ndinangotulutsa jumbo ya mpunga ija n'kumupatsa.

Sanakalipe. Anaipukuta, kutsegula kachitseko, kuyatsa tochi ya foni. M'mphepete mwa kachitsekoko muli kalabala kopyapyala kozungulira. Anayendetsa chala pang'onopang'ono pa kalabalako, kenako anaima. Anandionetsa nsonga ya chala. Kamchenga kamodzi, koti ukapanda kuyang'anitsitsa sungakaone.

"Munatsegulira kugombe eti?"

"Eya."

"Ndipo munaiyatsa itanyowa."

"Eya, asuweni."

Anagwedeza mutu n'kukhala pansi. Kenako anandifotokozera zimene ndikanayenera kufunsa ndisananyamule katundu wake. Safunsa anadya phula.

Kamera yotere si kuti thupi lake lonse limadana ndi madzi ayi. M'kati mwake ndi chimodzimodzi foni yanu. Chimene chimatchinga madzi ndi kalabala kaja basi, kamene kamafinyika kachitseko kakatsekedwa. Pakakhala kamchenga, tsitsi limodzi, ngakhale ulusi wa thaulo, labala safika pogwirana bwino ndipo pamatsala kanjira. Kumtunda kanjirako sikaoneka, loko amalira bwinobwino. Koma pansi madzi amakankha. Pa mamita 10 aliwonse amawonjezera mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse umene umatipsinja tili pamtunda, ndiye kanjira kakang'ono bwanji amakapeza. Ukadumpha nayo, madzi amaimenya mwadzidzidzi ndi mphamvu imene nambala ija ya 15m sinawerengere, poti nambalayo imanena za kamera ya labala wabwino, yotsekedwa bwino, yolowa m'madzi modekha. Dzuwa nalonso limaumitsa labala. Ndipo kamera yotentha ikalowa m'madzi ozizira, chinyezi cha mpweya wa m'kati chimasanduka nthunzi pagalasi. Nthunzi yokhayo imatha kuchoka ukaiumitsa pamthunzi. Yangayi sinali nthunzi yokha.

Nditabwerera ku Blantyre ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ku Limbe. Ataimasula anandionetsa m'kati: zoyera ndi zobiriwira zitamera pa tinjira ta magetsi ngati nkhungu ya pa nsima yogona. Anati madzi okha nthawi zina sapha chipangizo, makamaka a m'nyanja yathu amene alibe mchere ngati a ku Beira. Chimapha ndi madzi akakumana ndi magetsi. Dinani batani muli chinyontho, magetsi amadutsa molakwika ndipo dzimbiri limathamanga. Ndikanachotsa batire ndi khadi nthawi yomweyo, kuisiya yotsegula pamalo opita mphepo, n'kuthamangira nayo kwa wokonza, mwina ikanapulumuka. Za mpunga anangoseka. Mpunga sukoka madzi amene abisala pansi pa zipangizo, umangowonjezera fumbi lake.

Usiku umenewo ndinafufuza pa intaneti kabuku ka malangizo a makamera otere. Zonse zinalimo. Yang'anani labala musanatseke. Musatsegule pafupi ndi madzi kapena pamchenga, kapena ndi manja onyowa. Mukatuluka, itsukeni m'madzi oyera ili chitsekere, iume kaye. Labala muzisinthitsa, ambiri amati chaka chilichonse. Ena amaikanso malire a nthawi yokhala m'madzi, monga ola limodzi. Ndipo makampani ambiri amanena poyera kuti madzi akalowa chifukwa chosasamala, sabweza kanthu. Mawu aja a waterproof amalembedwa ndi zilembo zazikulu kutsogolo. Zofunika kuchita kuti akhale oona zili m'kabuku kamene ambirife timataya limodzi ndi katoni.

Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama, ngakhale kuti ndinabweza miyezi isanu, pang'onopang'ono pa foni mwezi ukatha. Chinali kudziwa kuti kamera yakale ija inakhala zaka ikulowa m'madzi pafupifupi tsiku lililonse osadwala, osati chifukwa inali yolimba, koma chifukwa munthu wina ankakhala pansi madzulo aliwonse ndi kansalu n'kumapukuta kalabala. Ine ndinkangoona zithunzi zokongola, ntchito imeneyo sindinkaidziwa. Ndipo pa miyezi imene analibe kamera, kuphatikizapo December pamene alendo amachuluka, ankaperekeza anthu ku Thumbi chimanjamanja. Sanandiuzepo kuti anataya zingati. Ine sindinafunse, ndinkaopa yankho.

Khadi yanga inapulumuka. Munali zithunzi 23. Zoyamba ndi zowala bwino, mbuna yabuluu ikuyang'ana m'galasi ngati ikudziona. Zikamapita kumapeto zikuchita mbuu, chomaliza n'choyera pafupifupi chonse, kungotsala kamthunzi ka mwala. Sindinaikepo n'chimodzi chomwe pa Facebook.

Chaka chatha ndinapitanso ku Chembe. Msuweni wanga ali ndi kamera ina, yogwiritsidwapo kale ntchito, imene mnzake anamubweretsera kuchokera ku Joni. Sindinaipemphe, manyazi anali adakalipo. Koma m'mawa tikunyamuka anandiitana m'nyumba, kutali ndi mchenga, manja atasamba.

"Khadi yanu ija muli nayo? Bweretsani ndiikemo ndekha."

Anaiika, kuunika labala ndi tochi, kutseka, n'kundimangirira chingwe cha kamerayo padzanja.

"Potsika m'boti muyambe ndi miyendo, asuweni."