Dzina la M'kope ndi Dzina la pa Chiphaso

Posamuka nyumba chaka chatha, mlembi wa nkhani ino anapeza kakope pansi pa katoni ya mabuku. Chikuto chinali chitadyedwa ndi mphemvu, koma masamba a m'kati anali bwinobwino. Tsamba lililonse linali ndi mzere pakati: kumanzere dzina, kumanja pasiwedi. Mayina analipo asanu ndi awiri, ndipo panalibe ngakhale limodzi lomwe anamupatsa makolo ake. Panali Bilimankhwe, panali Mlonda wa Usiku, panalinso lina lomwe sangalitchule pagulu.

Mkazi wake anasuzumira n'kufunsa kuti, "Bambo, anthu onsewa ndi ndani?"

"Ndine ndemwe, mayi," anatero. Mayiwo sanakhutire, ndipo zinatenga madzulo onse kuti afotokoze.

Kopelo ndi la cha m'ma 2005. Masiku amenewo intaneti inali malo oti munthu ukwere minibasi kuti ukaipeze. Iye ankatsika mu Blantyre, n'kulowa m'kachipinda kotentha komwe munali makompyuta asanu ndi imodzi, ndipo mtsikana wa pakhomo ankalemba nthawi yolowera m'buku. Malipiro anali owerengera mphindi. Choncho yankho lomwe ankafuna kupatsa munthu wina wa ku Manchester ankayamba walilemba kunyumba papepala, kuti akafika angokopera msangamsanga. Chithunzi chinkatseguka kuyambira pamwamba, tsitsi kaye, kenako chipumi, maso pambuyo pake. Magetsi akathima uli pakati pa chiganizo, ndalama yako yapita.

Malo okambiranawo anali ambiri, ndipo aliwonse anali ndi khomo lakelake. Kwina ankakangana za Bullets ndi Wanderers, kwina za ndale, kwina ankathandizana za makompyuta ovuta. Kuti ulowe unkadzaza fomu, kusankha dzina, kupeka pasiwedi, kenako kudikira kalata ku Yahoo yotsimikizira kuti ndiwe munthu. Bilimankhwe wa kumpira sankadziwana ndi Mlonda wa kundale, ngakhale onse ankakhala pampando umodzi wapulasitiki. Ndipo zokangana zinalipo. Fumbi la nkhani yofuna kuwonjezera materemu a Bakili Muluzi linali lisanakhazikike pamene Bingu wa Mutharika anatuluka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, ndipo Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko linasanduka ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Ambiri olemba anali a Malawi a kunja, ku Britain, ku America ndi ku Joni. Ankalemba Chingerezi cha m'mabuku, Chichewa n'kumachisungira miyambi ndi zotukwana.

Mayina obisalirawo sanali masewera chabe. Amene anakula nthawi ya Kamuzu anaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanatchule dzina la mtsogoleri, ndipo referendamu ya 1993 sinachotse chizolowezicho tsiku limodzi. Komanso kwa Achewa nkhaniyi si yachilendo. Chilombo cha Gule Wamkulu chikafika pabwalo chimatha kunyodola waulesi, woledzera, ngakhale munthu wamkulu m'mudzi, ndipo palibe amafunsa kuti m'katimo muli yani. Mlembi sakuyerekeza kuti zomwe ankalemba Bilimankhwe zinali ndi ulemu wa gule. Zambiri zinali phokoso la mnyamata wosagwira ntchito. Koma nthawi zina wogwira ntchito m'boma ankaulula zomwe sakanayerekeza kunena nkhope ili poyera, ndipo onse ankadziwa chifukwa chake wavala chigoba.

Kutali ndi kuno, akatswiri a makompyuta ankaona kope ngati limeneli ngati vuto lofunika mankhwala. Anthu ankaiwala mapasiwedi, kapena ankagwiritsa ntchito imodzimodzi paliponse. Mu 2005 Brad Fitzpatrick, yemwe anayambitsa LiveJournal, anatulukira njira yotchedwa OpenID, yoti munthu akhale ndi kiyi mmodzi wotsegulira makomo ambiri. Ganizo linali labwino, koma anthu wamba sanalimvetse. Yemwe anadzatola nkhwangwa ndi mpini womwe anali Facebook. Inayamba mu 2004 ngati kabuku ka ophunzira a pa Harvard, inatsegukira aliyense mu 2006, ndipo mu 2008 inatulutsa Facebook Connect, batani labuluu lija lomwe linayamba kumera pakhomo lililonse.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva kwa munthu amene anatengapo kalata kwa amfumu. Ukafika pakhomo lachilendo, mlonda sakufunsanso mbiri yako. Amakutumiza kwa amene amakudziwa kale. Iwe umapita ku Facebook, umalemba pasiwedi yako komweko, ndipo Facebook imakupatsa kachiphaso koti ukaonetse kwa mlondayo. Eni malowo pasiwedi yako saiona. Amalandira dzina lako, chithunzi chako, imelo yako ngati walola, ndipo m'zaka zoyambirira ankathanso kutenga mndandanda wa anzako. Ndondomeko yomwe imayendetsa kupatsirana kumeneku masiku ano imatchedwa OAuth, ndipo mtundu wake wachiwiri unakhazikitsidwa mu 2012. Eni malo okambirana anakondwa, chifukwa olembetsa anachuluka ndipo zomwe munthu walemba zinkatha kukaonekera kwa anzake onse, iwonso n'kubwera. Amfumu nawo anakondwa. Aliyense wopempha kalata amakhala waulula komwe akupita.

Mlembi anadina batanilo koyamba cha m'ma 2012, ali m'minibasi, pa kafoni ka mabatani. Nkhani inali ya maliro: kodi n'koyenera kuti anamfedwa azidyetsa khamu masiku atatu, iwo ali ndi ngongole ya bokosi? Chala chinayabwa. Fomu yolembetsera inali yaitali, kafoni kanali kakang'ono, batani labuluu linali pafupi. Panatuluka mawu ofunsa chilolezo, iye osawerenga n'komwe. Analemba monga akanalembera Bilimankhwe, kuti ena amabwera pamaliro ndi mimba yokha, misozi ataisiya kunyumba.

Foni inalira mawa lake m'mamawa. Anali malume ake.

"Mphwanga, wadzuka bwanji? Ndamva kuti nsima ya pa maliro a agogo ako inakuwawa kwambiri."

"Ayi malume, sindimanena za kwathu."

"Nanga umanena za kwa yani? Poti chithunzi chomwe andionetsa ndi cha ukwati wako, ndipo amene waima kumbuyo kwakoyo ndine."

Malumewo analibe foni ya intaneti. Anali ndi mdzukulu amene anali nayo. Kupepesa kwake kunatenga ulendo wa kumudzi, paketi ya shuga ndi nkhuku, ndipo mlandu unali wa mlembi yekha, poti chenjezo linalembedwa iye n'kulilumpha.

Sikuti ndi ku Malawi kokha komwe anthu anadzidzimuka chonchi. Google inayambitsa Google+ mu 2011 ikuumirira mayina enieni, ndipo mu 2013 inalamula kuti wofuna kuyankhulapo pansi pa kanema wa YouTube adzere ku Google+. Anthu anakwiya, kampaniyo inadzabwerera m'mbuyo, ndipo Google+ inatsekedwa mu 2019. Dziko la South Korea linafika pokhazikitsa lamulo mu 2007 loti pa malo akuluakulu a pa intaneti munthu azitsimikizira dzina lake lenileni asanalembe kanthu. Khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo linathetsa lamulolo mu 2012.

Kuno kwathu chomwe chinamaliza nkhani si batani ayi, koma mtengo wa bandulo. Pamene Celtel inkasanduka Zain mu 2008, n'kudzakhala Airtel mu 2010, intaneti inali ikusamuka m'makafe kulowa m'matumba. Mu 2015 Facebook inabweretsa Internet.org ku Malawi, yomwe inkalola kutsegula malo ochepa osankhidwa popanda kulipira. Makampani a foni nawo anayamba kugulitsa mabandulo a Facebook ndi WhatsApp paokha, otsika mtengo kuposa bandulo yotsegula paliponse. Munthu wa bandulo yotereyi akadina ulalo wopita kunja, foni imangozungulira. Ndiye panalibenso chifukwa chomangira mlatho pakati pa bwalo lokambirana ndi malo ochezera. Bwalo linanyamula mipando yake n'kukalowa m'nyumba ya eni mlatho. Okangana za mpira anatsegula gulu pa Facebook, a ndale chimodzimodzi, ndipo kenako onse anatsikira pa WhatsApp, yomwe Facebook inagula mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni.

Mlembi sangakhale woona mtima atanena kuti zonse zinaipa. M'kafe muja munkalowa anyamata a m'tauni odziwa Chingerezi, ndipo mtsikana yekha amene ankaonekamo kawirikawiri anali wolemba nthawi uja. Lero mayi ake a mlembiyu, omwe sukulu analekezera sitandade 4, ali pa gulu la mudzi wawo. Salemba. Amadina kamaikolofoni n'kuyankhula mphindi zinayi, kuyambira moni wa aliyense mpaka mtengo wa feteleza. Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao zinalowa pa intaneti kudzera pakhomo limeneli, osati la m'kope. Maliro akagwa uthenga umafika ku Johannesburg ndi ku Leeds dzuwa lisanakwere, ndipo chipepeso chimayenda pa Mpamba ndi Airtel Money, msungichuma n'kumaika mndandanda wa opereka kuti aliyense aone. Zimenezi zimatheka chifukwa aliyense akudziwika. Bilimankhwe palibe akanamutumizira ndalama.

Chomwe chimamuwawa mlembi ndi kuiwala. Kale funso lililonse linali ndi mutu wake, ndipo yankho labwino la mu 2006 munthu ankalipeza mu 2009. Pa gulu la WhatsApp, lomwe kale linkathera pa anthu 256 ndipo kuyambira 2022 limafika 1,024, yankho la dokotala wa ziweto lonena za chitopa limakwiririka ndi mavesi a m'mawa, zithunzi za maluwa ndi wogulitsa nsapato. Pakatha sabata wina amafunsanso funso lomwelo. Foni ikabedwa kapena ikadzaza, zaka zitatu za makambirano zimapita osatsanzika.

Ndipo kiyi mmodzi ali ndi ngozi yake. Mu 2018 zinaululika kuti kafunso kamasewera komwe anthu pafupifupi 270,000 analowamo kudzera pa batani lija kanakolola mbiri za anzawo, kufika mwina anthu 87 miliyoni, zomwe zinakathera ku kampani ya Cambridge Analytica. Boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni mu 2019. Pa 4 October 2021, Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima limodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Kuno kunali madzulo. Mlembi anazimitsa foni n'kuyatsanso katatu, anagula bandulo ina poganiza kuti yoyamba yatha, kenako anatuluka panja n'kupeza aneba atatu ataima pampanda, aliyense atakweza foni m'mwamba ngati akuombeza mvula. Usiku umenewo ngakhale makomo ena osakhala a Facebook anakana kutsegukira anthu omwe analibe kiyi wina.

Mfundo yomaliza ya chingwe chomangirira mawu a munthu ku dzina lake inamangidwa ndi boma. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalembetsa a Malawi oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo fomu yake inkafunsa mudzi ndi mfumu yaikulu. Mu 2018 MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe. Tsono mawu ali pa akaunti, akaunti ili pa nambala, nambala ili pa chiphaso, chiphaso chikuloza kumudzi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi ndime zoletsa kuzunza ndi kunyoza anthu pa intaneti, ndipo pali a Malawi omwe anagonapo m'chitolokosi chifukwa cha zomwe analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook zokhudza atsogoleri. Wokutengera kupolisi safunika ukatswiri uliwonse. Amangojambula zomwe walemba n'kutumiza.

Kodi zotukwana zinachepa poti nkhope zili poyera? Mlembi akamawerenga zomwe anthu amalemberana Bullets ikagonja, amakayika. Anthu amatukwana chithunzi chawo cha kutchalitchi chili pambali, tayi ali pakhosi. Amene anaphunzira kusamala ndi aja omwe ali ndi chotaya: mphunzitsi, namwino, kalaliki wa ku Capital Hill. Ndipo chigoba chija chinabwerera podzera kuseri. Pa masamba otchuka a Facebook uthenga wambiri umayamba ndi mawu akuti, "Adimini, ndibiseni dzina." Mkazi wovutika m'banja, wantchito wosalipidwa miyezi itatu, onse amapereka nkhope yawo kwa munthu mmodzi yemwe sanamuonepo, kuti awayankhulire. Ena amangogula nambala yachiwiri yolembetsedwa m'dzina la msuweni.

Usiku wa tsiku lomwe kope linapezeka, ana atagona, mlembi anayesa mayina asanu ndi awiri aja limodzilimodzi. Malo asanu kunalibenso. Amodzi mwa iwo anali atasanduka otsatsa njuga. Achisanu ndi chimodzi anakana pasiwedi, n'kunena kuti atumiza ina ku imelo ya Yahoo yomwe inatsekedwa kalekale. Achisanu ndi chiwiri anatseguka. Bilimankhwe anali akadali komweko, ali ndi uthenga umodzi wosawerengedwa wa mu 2009, wochokera kwa munthu wodzitcha Kadzidzi: "Achimwene, mwasowatu. Tonse tasamukira ku Facebook. Dzina lanu lenileni ndi ndani kuti tikusakeni?"

M'mawa mwake anapeza mkazi wake atang'amba masamba olembedwawo n'kuwaika pa tebulo, atawapsinja ndi kapu. Masamba otsalawo anali atayamba kale kulembamo masheya a banki m'khonde.